Kasitomala wakana chithunzi chomwe ndinatsanzira Avedon, kodi ndalakwitsa pati?

KameraYaNgongole
Akuluakulu, ndabwera ndi dandaulo. Loweruka ndinajambula mayi wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ana ake akufuna chithunzi chachikulu chopachika pabalaza poti mayiwo akwanitsa zaka 70. Ine miyezi yapitayi ndakhala ndikuonerera zithunzi za Richard Avedon, katswiri wojambula zithunzi wa ku America, usana ndi usiku, ndiye ndinati apa ndiye poonetsera luso. Ndinapachika nsalu yoyera mbee kumbuyo, mayiwo ndinawaimika chilili kuyang'ana kamera, osamwetulira, chithunzi chakuda ndi choyera, khwinya lililonse kuonekera. Kwa ine chinatuluka bwino kuposa zonse zomwe ndinajambulapo. Nditatumiza pa WhatsApp, mwana wawo woyamba anandiimbira nthawi yomweyo, amvekere: "Achimwene, amayi akulakwirani chiyani? Mwawajambula ngati awagwira ndi mbuzi yakuba." Ndalama yotsala akuti sapereka mpaka ndijambulenso. Ndiye ndifunse: kutsanzira akatswiriwa n'kulakwa? Kapena ndi anthu athu amene sadziwa zabwino?

Chimkombero
Mbuzi yakuba! Pepani achimwene, ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

DoloWaMaukwati
Anthu athu amadziwa zabwino. Chomwe sadziwa ndi Avedon, ndipo sanamuitane kuphwando lawo.

MadalaWaFilimu
Mphwanga, khala pansi ndikuuze. Zithunzi zomwe wakhala ukuonererazo, za anthu a m'migodi, oyendayenda ndi ogwira ntchito m'malo ophera ng'ombe, Avedon anazijambula kuyambira 1979 mpaka 1984 kumadzulo kwa America. Amene anamutuma ndi nyumba yosungira zaluso ya Amon Carter ku Fort Worth, Texas. Mvetsa bwino pamenepo: ndalama inachokera kunyumba ya zaluso. Anthu amene ankaima pa pepala loyeralo sanali makasitomala ake, sankamulipira, ndipo analibe mphamvu yoti anene kuti chithunzichi sindikuchifuna. Anajambula anthu oposa 700 n'kusankhapo ochepa chabe, cha m'ma 120. Iwe wajambula munthu mmodzi, amene ana ake asonkherana ndalama kuti amulemekeze, n'kumupatsa kaonekedwe komwe cholinga chake chenicheni chinali kuvula munthu ulemu wongovala kuti aoneke m'mene moyo wamusiyira. Luso sunalakwitse. Walakwitsa kopita nalo.

Chinanso, ambiri amaganiza kuti Avedon ndi nsalu yoyera basi. Ayi. Ankamata pepala loyera pakhoma la kumthunzi, kuti dzuwa lisafike pankhope. Kamera yake inali yaikulu ija ya filimu ya 8x10, omuthandiza n'kumasintha filimu, iye ataima pambali pa kamera kumacheza ndi munthuyo maso ndi maso. Nkhope zomwe ukuzisirirazo zinkabwera chifukwa cha machezawo. Iwe unacheza nawo mayiwo, kapena unangoti "musaseke" uli kuseri kwa kamera?

KameraYaNgongole
Madala, kunena zoona ndinangoti musaseke. Katatu konse, chifukwa iwo ankangomwetulira.

MadalaWaFilimu
Basi, mlandu watha. Munthu amene mwachibadwa amamwetulira ukamuletsa, chimatsala pankhope ndi mantha.

Nachisale_Lens
Ine ndiwonjezere za kuwala, chifukwa ndachiona chithunzicho atachiika pa status. Achimwene, nsalu yoyera inakupusitsirani kamera. Kamera ikaona kuyera kwambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa, nkhope ya munthu wakuda n'kumira. Kenako munakakokera kuwala pa kompyuta, ndiye khungu linasanduka lotuwa ngati phulusa. Makwinya aja akuoneka oopsa chifukwa cha zimenezo. Muziyeza kuwala pa tsaya la munthu, osati pa chithunzi chonse, ndipo munthuyo azitalikirana ndi nsalu masitepe atatu kapena anayi kuti kuyera kusamamuzungulire m'mphepete ngati nkhungu.

Khungu lathu limaoneka maumbidwe ake chifukwa cha kunyezimira. Ndi ngati mphika wa dothi wopakidwa bwino: chomwe chimakuuzani kuti ndi wobulungira ndi kachiwalitsiro kaja kamene kamayenda m'mbali mwake. Ndiye pamafunika kuwala kochokera pa chinthu chachikulu, choyandikira, monga zenera lalikulu kapena softbox (bokosi la nsalu lovekera nyale kuti kuwala kufewe), kuti kunyezimirako kufalikire mofewa pamphumi ndi pamasaya. Akatswiri ambiri amene timawaonera pa YouTube anaphunzira ntchito pa khungu loyera. Ngakhale Kodak yeniyeniyo, kuyambira m'ma 1950, khadi lomwe otsuka zithunzi ankayezera mitundu linali ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, lija ankalitcha Shirley. Tikamakopera manambala awo osaganiza, timakoperanso vuto limenelo.

Leibo265
Achemwali, musatiopseze. Kuwala ndi kuwala. Annie Leibovitz amajambula aliyense, mfumukazi ya ku Britain mu 2007, oimba, osewera mpira, ndipo nthawi zambiri nyale yake yaikulu imakhala imodzi. Ine ndimatsanzira yemweyo ndipo makasitomala anga sadandaula.

Nachisale_Lens
Leibovitz yemweyo anthu anamudzudzula kwambiri mu 2020 atajambula Simone Biles, katswiri wakuda wa masewera olimbitsa thupi wa ku America, pachikuto cha magazini ya Vogue ya August. Ankati khungu lake linaoneka lozimirira, lopanda moyo. Sindikunena kuti mayiyo sadziwa ntchito, ndine ndani ine. Koma mitundu yake ija yozizira, yopendekera ku buluu ndi kubiriwira, imakomera anthu ena kuposa ena.

Leibo265
Amenewo anali a pa Twitter, sanagwirepo kamera. Mthunzi pankhope si tchimo. Kodi munthu wakuda aliyense tizimuwalitsa ngati chithunzi cha pa chiphaso?

Nachisale_Lens
Palibe wanena choncho. Zanele Muholi wa ku South Africa amadetsa khungu lake dala pa zithunzi zodzijambula yekha, mpaka kuda bii, maso okha kuyera, atavala mapegisi oyanikira zovala kapena zokwechesera mapoto kumutu pokumbukira mayi ake amene anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zambiri. Kuda kumeneko n'kosankha, ndipo ukachiyang'ana umaona mphumi, mphuno, milomo, zonse zili m'malo mwake. Kusiyana kwake n'kumeneko: kudetsa dala ndi kumira mwangozi.

Chimkombero
Ine ndikavala mapegisi kumutu akazi anga aitana abusa.

MwanaWaChipata
Koma bwanji tonse tikuthamangira ku New York? Seydou Keïta wa ku Bamako ku Mali uja bwanji? Anatsegula situdiyo yake mu 1948, ankajambulira pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo nsalu yake yoyamba yakumbuyo inali chofunda cha pabedi pake. Makasitomala ake anali anthu olipira ngati athuwa, ofuna kuoneka bwino, ndipo iye ankawapatsa zomwezo. Anali ndi masuti obwereketsa, wotchi, cholembera, wailesi, njinga yamoto ya Vespa, ngakhale galimoto yake ankaimikamo anthu. Filimu inali yodula, ndiye kawirikawiri ankajambula kamodzi kokha pa munthu. Taonani m'mene ankapendeketsera phewa, m'mene ankaikira dzanja pa tsaya kuti mphete zioneke. Ngati pali katswiri amene vuto lake linali lofanana ndi la mnzathuyu, ndi ameneyu. Ndipo chitenje tili nacho m'nyumba iliyonse.

TelalaWaZithunzi
Za Keïta mundisiyire ine, ndinapsa nazo chala. Chaka chatha pa chinkhoswe china ndinati ndichite zimenezi. Ndinaiwala nsalu yanga kunyumba, ndiye ndinapempha azimayi a kukhitchini kuti andibwereke chitenje. Anandipatsa chabwino ndithu, chachikasu ndi chofiirira, ndinachipachika pa chingwe choyanikira zovala ndi mapegisi anayi. Mkwatibwi anavala chitenje chake cha maluwa obiriwira ndi pinki. Pa kagalasi ka kamera zinkaoneka ngati zatheka. Kunyumba pa kompyuta, mayo ine, munthu osaoneka, mitundu ikungomenyana ngati nkhuku ziwiri m'dengu limodzi. Ndipo nditakulitsa ndinapeza kuti pakona pa chitenje chobwerekacho pali zilembo za bungwe la amayi la mpingo wina, pomwe banjalo ndi la mpingo wina.

Ndinaphunzirapo kuti zithunzi za Keïta zimagwirizana chifukwa ndi zakuda ndi zoyera. Mitundu ikachoka pamatsala mizere ndi madontho, ndiye nsalu ziwiri zamaluwa zimaoneka ngati zapachibale. Ukafuna kuchita za mitundu uyenera kusankha kuti chitenje chakumbuyo ndi chovala zikhale ndi mtundu umodzi wogawana, kapena maluwa a chimodzi akhale akuluakulu, a chinzake ang'onoang'ono.

MwanaWaChipata
Zoona. Omar Victor Diop wa ku Dakar amachita za mitundu mwa njira imeneyo, ndipo mizu ya Keïta imaonekeratu, koma palibe amene angasokoneze awiriwa.

PresetKing
Abale, bwanji mukuvutika? Ndili ndi ma preset a Lightroom, maonekedwe okonzeratu ongoika pa chithunzi pa kompyuta: Avedon, Leibovitz, McCurry, Lindbergh, onse pamodzi mtengo wabwino. Kungodina kamodzi basi. Ndipezeni ku inbox.

DoloWaMaukwati
Muli ndi preset yopangitsa apongozi kumwetulira? Imeneyo ndigula.

Admin_Wagulu
PresetKing, malonda ndi Lachisanu. Ili ndi chenjezo lachiwiri.

Sekerani85mm
Ndifunseko pang'ono pambali: softbox yomwe mukunenayi mukugula kuti? Yanga inang'ambika ndipo m'tauni muno mitengo yake ndi yosayamba.

Chimkombero
Tumani a mabasi a ku Joni. Koma uwauze kuti asaikepo matumba a anyezi pamwamba.

TelalaWaZithunzi
Kapena osagula n'komwe. Shiti yoyera ya pabedi pa zenera, ndi chija chonyezimira chotchingira dzuwa pagalasi la galimoto chobwezera kuwala kumbali inayo. Ine ndagwira nazo ntchito zaka ziwiri. Magetsi akathima sindidandaula n'komwe.

Sekerani85mm
Chonyezimiracho chimathobwa m'maso. Agogo ena anandikalipira kuti ndikufuna kuwachititsa khungu.

TelalaWaZithunzi
Mutembenuzire kwina, kapena mugwiritse katoni yoyera ija imabwera ndi firiji. Ndi yofewa kuposa siliva.

Admin_Wagulu
Tibwerere ku funso la mwini nkhani. Wafunsanso ngati kutsanzira ndi kuba.

LoyaWaMthumba
Si ine loya weniweni, ndinangosiyira panjira, koma izi ndinazitsata. Lamulo la umwini wa zaluso limateteza chithunzi chenichenicho, osati kachitidwe. Nsalu yoyera ilibe mwini, ngodya ya kuwala ilibe mwini. Ku America kunali mlandu wa Jacobus Rentmeester ndi Nike. Iyeyu anajambula Michael Jordan mu 1984 akudumpha miyendo itatambasuka, mpira uli m'dzanja lamanzere m'mwamba, chithunzi cha magazini ya Life. Nike inajambulitsa chake chofanana nacho, n'kudzapangira chizindikiro chija cha pa nsapato. Khoti la apilo mu 2018 linagamula kuti kaimidwe ka munthu pakokha sikangakhale ka munthu mmodzi, ndipo zithunzi ziwirizo zinasiyana mokwanira pa zina zonse. Koma musatengeke nazo, chifukwa ku Britain mu 2012 kunali mlandu wa basi yofiira pa mlatho wa Westminster, kumbuyo kuli nyumba ya malamulo yakuda ndi yoyera. Kampani ya tiyi inajambula chithunzi chake chatsopano chotsanzira cha kampani ina, ndipo woweruza anati yalakwa ngakhale sinakopere chithunzi chenichenicho. Ndiye malire ake ndi oterera. Kuno kwathu zili pansi pa lamulo la 2016 la umwini wa zaluso, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA. Kuphunzira kuwala kwa munthu palibe angakumange. Kutenga chithunzi chake n'kuika dzina lako, kapena kuchipanganso ndendende n'kumagulitsa, pamenepo wadziputira.

DoloWaMaukwati
Ndipo ena pagulu pompano amaika zithunzi za anzawo pa Facebook atafufuta dzina. Sinditchula.

Chimkombero
Khoswe wa padenga waulula wa padzala.

Karsh_wa_Ndirande
Ine dzina langa likunena lokha amene ndimatsanzira. Nkhani yake ambiri mumaidziwa: pa 30 December 1941 ku Ottawa, Winston Churchill atangomaliza kulankhula kunyumba ya malamulo ya Canada, anapatsa wojambula Yousuf Karsh kanthawi kochepa, ndudu yake yaikulu ili pakamwa. Karsh anapita ngati akukakonza china chake, n'kuizula nduduyo. Pobwerera ku kamera, mkuluyo nkhope ili gwaa ndi ukali, dzanja m'chiuno, ndipo chithunzi chimenecho ndi chomwe chili pa ndalama ya mapaundi asanu ya ku England yomwe inatuluka mu 2016. Koma chomwe ine ndinatengako si nduduyo. Karsh ankasamala manja. Ankawaunikira paokha, ngati nkhope yachiwiri. Ndikamajambula madala a kumudzi ndimaonetsetsa kuti manja ali m'chithunzi, atagwira ndodo kapena chipewa, kuwala kukuchokera chakumbali ndi chakumbuyo pang'ono kuti mitsempha ioneke. Ana awo akachiona amati "manja a ababa enieni". Zimenezo zimagulitsa kuposa nkhope.

Chimkombero
Yesani kulanda agulupu litchowa kuti akwiye ngati Churchill, mudzatiuze chindapusa chake ndi mbuzi zingati.

Karsh_wa_Ndirande
Kkkk ayi, pamenepo ndiye ndimasiyana naye. Koma imvani izi poti tikukamba zotsanzira: chithunzi chenicheni cha Churchill chomwe chinali mu hotela ya Château Laurier ku Ottawa chinabedwa, wakubayo n'kupachikapo chabodza. Chinakhala pakhoma miyezi ingapo anthu akudutsa n'kumasirira, mpaka mu August 2022 wogwira ntchito wina anaona kuti felemu yake ikusiyana ndi zinzake. Chenichenicho chinakapezeka ku Italy mu 2024.

Leibo265
Ndiye mwaona? Chotsanzira chabwino palibe amachizindikira.

MadalaWaFilimu
Chimenecho chinali chokopera, osati chotsanzira. Zinthu ziwiri zosiyana, mwana wanga.

Nabanda_Studio
Ndachedwa kulowa koma ndawerenga zonse. Ine sindikugwirizana ndi amene akuti mnzathuyu asiye Avedon athamangire Keïta chifukwa Keïta ndi wa ku Africa. Bamako si Lilongwe. Kutsanzira Keïta mwachimbulimbuli ndi vuto lomwelo, kungoti lavala chitenje. Komanso zithunzi za Keïta zomwe timaziona lero, zazikulu ngati chitseko, zakuda kwambiri, zinatsukidwa m'ma 1990 kuti zikapachikidwe ku Paris ndi ku New York. Makasitomala ake ankalandira tizithunzi ting'onoting'ono tokwana m'manja.

M'mene ine ndinaphunzirira ndi umu. Mwezi umodzi, katswiri mmodzi, ndipo osati pa kasitomala. Ndimatenga mng'ono wanga kapena mlonda wa pamalo pathu, ndimamugulira Fanta, n'kuyesa kupanga chithunzi chimodzi ndendende. Choyamba ndimakulitsa diso la munthu wa pa chithunzi cha katswiriyo. M'diso mumaoneka kachiwalitsiro: kakakhala kozungulira ndi ambulera, kakakhala ka ngodya zinayi ndi zenera kapena softbox, kakakhala kawiri nyale ndi ziwiri. Kenako mthunzi wa mphuno umandiuza komwe nyale inali. Ukagwera pansi pa mphuno ngati kagulugufe, nyale inali kutsogolo m'mwamba, ngati zithunzi zakale za ku Hollywood. Ukalumikizana ndi mthunzi wa tsaya n'kusiya kachigamba kowala ka ngodya zitatu pansi pa diso, ndi kuja timati Rembrandt. Ndikalephera kufanizira, m'pamene ndimaphunzira zambiri, chifukwa ndimayamba kufunsa kuti chasowa n'chiyani.

Mwezi wa Irving Penn, wojambula wa magazini ya Vogue, ndi umene unandisintha. Mu 1948 ankatenga matabwa awiri n'kuwalumikiza kupanga ngodya yopanikiza, munthu n'kumulowetsa mmenemo. Ine ndinatenga zitseko ziwiri zakale. Zodabwitsa, munthu wamanyazi amene sadziwa poika manja akalowa pakona amapeza chotsamira, thupi limamasuka lokha. Mpaka lero makasitomala amanyazi ndimawaika pakona ya khonde, ngakhale chithunzi chake sichifanana ndi cha Penn ngakhale pang'ono.

Sekerani85mm
Penn uja ankakonda kuwala kwa zenera loyang'ana kumpoto eti? Ine ndinachita lendi chipinda cha zenera la kumpoto chifukwa cha zomwezo, koma dzuwa limalowa ngati ng'anjo, makamaka mu June.

Nabanda_Studio
Achimwene, mwalipira lendi chifukwa cha malangizo a anthu a ku New York! Iwo ali kumpoto kwa equator, dzuwa lawo limadutsa chakumwera, ndiye zenera la kumpoto silimalowa dzuwa. Ife tili kumwera kwa equator. Zathu n'zotembenuza: zenera labwino ndi loyang'ana kumwera.

MadalaWaFilimu
Nabanda wanena zoona koma ndiwonjezere. Poti sitili kutali kwambiri ndi equator, kuyambira cha mu November mpaka kumayambiriro kwa February dzuwa limadutsa chakumwera pang'ono kwa ife. Miyezi imeneyo zenera la kumwera nalo limatha kulowa dzuwa ngati denga lilibe khonde lotchinga. Situdiyo yomwe ndinaphunzirira ntchito inali ndi mazenera mbali zonse ziwiri, abwana ankangosuntha mpando malinga ndi nyengo. Sankadziwa Penn, ankangoyang'ana pansi pomwe dzuwa lagwera.

Sekerani85mm
Miyezi isanu ndi umodzi ndalipiriratu. Safunsa anadya phula.

MwanaWaChipata
Pa Penn pomwepo, pali mbali yomwe imandivuta. Zithunzi zake za anthu a ntchito zamanja ku Paris, London ndi New York, za 1950 ndi 1951, ndimazikonda: wogulitsa buledi, wosesa m'chumuni, aliyense ndi zida zake pa nsalu yotuwa. Zimenezo munthu angachite ndi akabaza, owotcha chimanga, osoka nsapato, ndipo zingakhale zaulemu. Koma atapita ndi tenti yake ku Dahomey (lero ndi Benin) mu 1967 ndi ku Cameroon mu 1969, anthu ankawachotsa pamalo pawo n'kuwaimika pa nsalu ngati zinthu zoonetsa owerenga Vogue. Ukamatsanzira munthu uzidziwanso maso amene ankaonera anthu ofanana ndi iwe.

Leibo265
Apa ndiye mwayamba ndale.

MwanaWaChipata
Kujambula nkhope ya munthu ndi ndale kale, aise. Funsani Arnold Newman. Mu 1963 anajambula Alfried Krupp, mwini mafakitale a ku Germany amene anagwiritsa ntchito akapolo pa nkhondo yachiwiri. Newman anali Myuda. Anaika nyale mbali zonse ziwiri, pakati pa nkhope n'kutsala mdima, munthuyo atatsamira chibwano pa zala zopingasa, anaoneka ngati mdierekezi. Anachita dala. Ndiye wina atenge kuwala kumeneko chifukwa "n'kwa katswiri" akajambulire m'busa wake.

TelalaWaZithunzi
Newman yemweyo ndi amene ndingamulangize mwini nkhaniyu. Iye ankajambula munthu pamalo pake ndi chinthu cha ntchito yake. Chithunzi chake cha Igor Stravinsky cha 1946, woimbayo ali kakang'ono pakona yamanzere mmunsi, mbali yonse yatengedwa ndi chivindikiro cha piyano chooneka ngati chizindikiro cha nyimbo. Ine ndinabera nzeru imeneyo pojambula bambo anga aang'ono, telala wa pamsika. Ndinagwada pansi, makina awo a Singer akuda aja ali pafupi ndi lenzi, gudumu lake likudzaza theka la chithunzi, iwo ali kuseri pakona, tepi yoyezera ili m'khosi, magalasi atatsetserekera pamphuno. Atachiona anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Makinawa ndinagula chaka chomwe unabadwa iwe." Chili pakhoma pa shopu yawo.

Ndipo achimwene a KameraYaNgongole mutonthole: chithunzi cha Stravinsky chija magazini ya Harper's Bazaar yomwe inachiitanitsa inachikana.

KameraYaNgongole
Haa, ndiye ndili pagulu la akuluakulu.

DoloWaMaukwati
Musadzitame, Newman sanauzidwe za mbuzi.

Nachisale_Lens
Pali mmodzi amene sitinamutchule ndipo ndi mfumu ya kutsanzira: Samuel Fosso. Anatsegula situdiyo ku Bangui, ku Central African Republic, mu 1975 ali ndi zaka 13, ndipo filimu ikatsala pang'ono madzulo ankadzijambula yekha kuti atumizire agogo ake ku Nigeria. Mu 2008 anapanga zithunzi atadzisandutsa Nelson Mandela, Malcolm X, Angela Davis, Muhammad Ali, kutengera zithunzi zawo zodziwika, kaimidwe ndi zovala zomwe. Palibe amamunena kuti wakuba, chifukwa sabisa, ndipo aliyense akuona kuti nkhani yake ndi yakuti mwana wa ku Africa akuvala nkhope za anthu amene anamutsegulira njira. Ine zanga zotsanzira ndikamaika pa Instagram ndimalemba pansi kuti ndatengera wakuti. Sizindichotsera kanthu.

Leibo265
Ine sindilemba. Kodi Leibovitz amalemba amene anamuphunzitsa pansi pa chithunzi chilichonse?

Nabanda_Studio
Ngati mwangotengako kuwala, palibe chifukwa. Ngati mwaika munthu m'bafa la mkaka ngati m'mene Leibovitz anajambulira Whoopi Goldberg, lembani, chifukwa tonse tikudziwa komwe zachokera.

Chimkombero
Mkaka wodzaza bafa pa mitengo ya masiku ano? Ameneyo alembe dzina la amene wamukongoza ndalama.

KameraYaNgongole
Ndabweranso, akuluakulu. Ndapitako m'mawa uno. Nsalu yoyera ndinaisiya kunyumba. Ndinafika mayiwo akuthirira maluwa, ndinakhala nawo pakhonde pafupifupi ola lathunthu kamera ili m'chikwama. Anandifulira tiyi, n'kuyamba kundiuza za sukulu yoyamba yomwe anaphunzitsako, ana kukhala pansi pa mtengo, bolodi atalikoleka pa nthambi. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kaundula wakale wa kalasi, chikuto chake chomatidwa ndi selotepi, ndi belu lamkuwa la m'manja lomwe anawapatsa popuma ntchito. Ndinawakhazika pampando wa nsungwi pamthunzi wa khonde, kuwala kukuchokera kubwalo chakumanzere, mdzukulu wawo atagwira katoni yoyera kumanja. Ndinayeza pa tsaya monga ananenera a Nachisale. Manja onse awiri ali pa kaundula, belu lili patebulo pafupi ndi lenzi. Sindinanene kuti sekani kapena musaseke. Ndinangowafunsa dzina la mwana wovuta kwambiri amene anamuphunzitsapo. Anayang'ana kumbali, pakamwa n'kuyamba kugwedera kufuna kuseka, ndipo ndinadina pomwepo.

Mwana wawo uja walipira yonse, wawonjezeranso ya mafuta.

Karsh_wa_Ndirande
Manja ndi a Karsh amenewo, ndikufuna gawo langa.

TelalaWaZithunzi
Belu pafupi ndi lenzi ndi Newman. Gawo ndi langa.

KameraYaNgongole
Dikirani, sindinamalize. Ndikupakira zida, mwana wawo wamkazi wotsiriza, amene amagwira ntchito ku Manchester ndipo wabwera ku phwandoli, ananditsatira kugeti. Akuti chithunzi choyamba chija, cha mbuzi, achimwene ake anachitumiza pagulu la banja kuti anthu aseke, koma iye wakhala akuchiyang'ana sabata yonse. Akuti ndi nkhope yomwe amayi ake ankamuyang'ana nayo akabwera mochedwa kunyumba. Akufuna ndimutsukire chachikulu apite nacho, koma amayi ndi achimwene ake asadziwe.

Nachisale_Lens
Musanatsuke mubwezeretse khungu lija, lisapite ku Manchester lili lotuwa. Nditumizireni fayilo ya RAW, yosakonzedwa ija ya m'kamera, ndione ngati muli chopulumutsa m'mithunzimo.

LoyaWaMthumba
Koma mwini nkhope sanavomere. Ine ndikanawauza mayiwo.

MadalaWaFilimu
Auze mayiwo, inde. Ndipo wa ku Manchester umulipiritse mtengo wa felemu ndi galasi lomwe, asakuuze zoti akakugulira lenzi akabwerera.